Njinga Nayo Imaleredwa

Sabata ino tisiye kaye za kukhitchini, tikambirane za njinga yakapalasa. Ambiri a ife timaiyesa chuma cha abambo, chonsecho ikasowa pakhomo, wosenza thumba pamutu ndi ife tomwe.

Papita zaka 12 tsopano kuchokera pamene abambo akunyumba anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi njinga yamagiya, ija achinyamata amaitcha mountain bike. Kukongola kokha inali yokongola, koma nditaiyang'anitsitsa ndinaona kuti inalibe keliyala, inalibe madigadi, ngakhale belu. Ndinafunsa kuti, "Kodi abambo, nanga chimanga chopita nacho kuchigayo chidzikhala pati?" Iwo anangoseka.

Funso langalo silinali lachibwana. Njinga zamtundu umenewu zinayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ena ankapikisana kutsetsereka m'mapiri, ndipo zinayamba kupangidwa zochuluka mu 1981. Anazipangira masewera. Za thumba la kachewere, za chitenje, kapena za mwana wokhala kumbuyo, eni akewo sanaganizeko. Komabe zili ndi zinthu ziwiri zimene dziko lathu la Ntcheu limafuna, ndizo matayala otambalala ndi magiya. Njinga za makolo athu, monga Humber ndi Raleigh, zinali zolimba zedi, koma pazitunda za ku Tsangano, kapena pokwera kuchokera ku chigwa cha Bwanje, mwini wake ankatsika n'kumakankha. Choncho ndinatsimikiza mtima kuti njinga yanga ndiilera mpaka izolowere ntchito za pakhomo panga.

Poyamba penipeni ndinalakwitsa, ndipo sindikubisirani. Ndinathamangira kwa owotcherera zitsulo kuti andipangire keliyala, mabuleki osawayang'ana n'komwe. Tsiku lina mvula itangokata, ndinamanga thumba la kachewere la makilogalamu 50, ulendo wa kumsika ku Lizulu. Pamtsetse wina ndinafinya mabuleki onse awiri, koma njinga osamva. Ndinakagwera m'ngalande, kachewere mbwee, bondo langa litang'ambika. Mwezi wathunthu sindinagwire khasu, ndipo inali nthawi yopalira. Safunsa anadya phula, amayi. Katundu akachuluka, njinga imavuta kuimitsa, ndipo limu ikanyowa malabala a mabuleki sagwira msanga. Chifukwa chake mabuleki ndiwo oyamba. Mizere ya pa malabala ikafufutika, gulani ena. Waya wa buleki akayamba kuyoyoka tinsinga, musinthe tsiku lomwelo osadikira kuti aduke.

Chachiwiri ndi gudumu la kumbuyo, pakuti ndilo limasenza inu pamodzi ndi katundu. Langa lili ndi masipoko 36, ndipo aja linabwera nawo anali opyapyala. M'chaka chachiwiri wokonza njinga anandilukira gudumulo ndi masipoko onenepa. Sipoko imodzi ikaduka musanene kuti zatsala zambiri, chifukwa zinzakezo zimayamba kulemedwa, limu n'kupindika, ndipo mtengo wa limu si wa sipoko. Pogula tayala kapena chubu werengani nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala lakale. Njinga zamagiya zambiri zimene zili kuno ndi za mainchesi 26, pamene zachikale zija ndi za 28, ndipo sizibwerekana.

Keliyala ibwere pambuyo pa ziwirizi. Musanalole munthu kuyandikiza moto pa felemu, ikanipo maginito. Akamata, ndiye kuti ndi chitsulo. Akagwa, felemuyo ndi ya aluminiyamu, imene owotcherera a pamsika sangaikonze ikathyoka. Ngakhale pa yachitsulo, keliyala yomanga ndi mabawuti ndiyo yabwino, chifukwa moto umafooketsa felemu. Ndiponso tisamachite nsanje ndi anzathu a njinga ya Buffalo. Keliyala yake anaipangira makilogalamu 100, pamene yamagiya sanaipangire zotero. Ine thumba limodzi limandikwanira, ndipo ndimalolera kuyenda kawiri.

Tsopano za ife amayi makamaka. Chishalo chimene njingayo inabwera nacho chinali chopapatiza ngati mpini wa khasu, ndiye ndinaikapo chotambalala. Kutalika kwake kukhale kwakuti mukaponda pedulo ndi chidendene ili pansi, mwendo uwongoke. Chikatsika kwambiri, mawondo ndiwo amalipira. Ndinaikitsanso madigadi kuti matope asamandithimbiriritse zovala popita ku tchalitchi, ndi kachitsulo kophimba tcheni, popeza chitenje chikakodwa m'mano a tcheni munthu umagwa mochititsa manyazi. Koma chimene ndikukupemphani koposa zonse ndi ichi: ngati mumanyamula mwana popita kusikelo, muikireni popondera, ndipo mutchinge mbali zonse ziwiri za gudumu ndi pulasitiki yolimba kapena kathabwa kopepuka. Kaphazi ka mwana kakalowa m'masipoko, chilonda chake sichipola msanga.

M'chaka chachisanu magiya anayamba kulumphalumpha. Wokonza njinga anandiuza kuti, "Mayi, tingochotsa zonsezi, tifupikitse tcheni, ikhale ya giya imodzi." Kwa wokhala kuchigwa nzeru imeneyo si yoipa, ndipo ndi yotsika mtengo. Koma ine ndinakana, chifukwa magiya 21 amenewo ndiwo amandikweza chitunda cha kwathu ndisanatsike. Vuto linali tcheni chotha, chimene chinali chitadya mano a kumbuyo, ndiye tinasintha zonse ziwiri pamodzi. Kuyambira pamenepo ndimapukuta tcheni ndi kansanza Loweruka lililonse, n'kudonthezera oilo pang'ono. Mafuta ophikira ayi, amamata ndi kusonkhanitsa fumbi. Mashoko a kutsogolo atafa sindinawalire. Ndinaikitsa foloko wamba yachitsulo, ndipo ndi katundu njinga imayenda mokhazikika kuposa kale. Pomaliza ndinagula belu, nyali, ndi tonyezimira ta kumbuyo, poganizira magalimoto akuluakulu a pa msewu wa M1, amene sachedwa kumupeza munthu kukayamba kuda.

Mwina mukufunsa kuti ndalama zake zinachokera kuti. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ulendo uliwonse wa kumsika ndinkapatula kangachepe m'kachitini, n'kumati iyi ndi ya njinga, monga timapatulira mbewu tisanadye. Masipoko ndinagulira ndalama ya ku banki m'khonde. Sindinachite mobisa. Ndinkakhala pansi ndi abambo n'kuwafotokozera, ndipo ataona kuti njinga yayamba kubweretsa mchere ndi sopo, anasiya kunena kuti "njinga yanga", anayamba kunena kuti "njinga yathu". Kwa wokonza njinga ndimapita ndekha, ndimaima pomwepo, ndipo ndimafunsa dzina la chitsulo chilichonse chimene wamasula.

Lero pa njinga ija chotsala chimene chinachokera ku Johannesburg ndi felemu ndi chiwongolero basi. Utoto unasuluka, ndipo achinyamata saicheukiranso. Koma yandiphunzitsira ana awiri, ndipo usiku wina inathamangitsira mpongozi wanga kuchipatala nthawi yake itakwana.

Musanamange thumba mawa m'mawa, yambani mwafinya mabuleki muone ngati akugwira. Tsalani bwino amayi anzanga, tidzachezanso sabata yamawa.