Mtsikana Akusewera, Nanga Akutsogolera Ndani?

Mwezi uno ticezeko za masewera. Ena adzati katekista wasowa nkhani. Ai ndithu, pakuti cokhudza ana athu aakazi cikhudzanso Eklezia.

Loweruka lina ndinaperekeza atsikana a mpira wamanja a pa parishi pathu ku mpikisano wa ku parishi ina. Amai anadzuka tambala woyamba, naphika nsima, nakonza mayunifomu, ndipo pabwalo anaimba mpaka mau kusasa. Koma itakwana nthawi yakuti atsogoleri a matimu akhale pansi kupangana za mpikisanowo, pa mipando tinalipo amuna okhaokha. Pobwerera, ndalama yolipira galimoto inapezeka yoperewera. Buku panalibe, risiti panalibe, ndipo yense analoza mnzace. Atsikana anafika kwao usiku, makolo ali ciriri pamseu. M'mawa mwace, itatha Misa, mai wina wa gulu la Anna Woyera, amene wasunga ndalama za cilimba zaka zambiri osataya ngakhale ngwee imodzi, anandifunsa kuti: "A Katekista, kodi ife tinabadwira mphika wokha?" Ndinasowa coyankha.

Zakuti atsikana athu amatha masewera, palibenso angatsutse. Mu 2021 ku Tokyo, Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu pa masewera amodzi, nabwerezanso zitatu pa masewera otsatira. Mu 2022 timu ya Copper Queens inatenga malo acitatu pa mpikisano wa Africa ku Morocco, ndipo mu 2023 inakasewera World Cup, kumene timu yaikulu ya amuna sinafikeko. Komabe kusewera ndi kwina, kulamula ndi kwina. Amene asunga ndalama, amene asankha osewera, amene amva madandaulo, ndiye ali ndi tsogolo la mwana m'manja mwace.

Nkhawayi si yalero. Mu 1994 nthumwi za maiko ambiri zinakumana ku Brighton, ku England, nizigwirizana kuti akazi acuruke pakati pa aphunzitsi a matimu, oimbira masewera ndi atsogoleri. Msonkhano waciwiri unacitika pafupi nafe, ku Windhoek, mu 1998. Zipatso zace zaoneka. Lydia Nsekera anatsogolera bungwe la mpira wamiyendo ku Burundi kuyambira 2004 kufikira 2013. Fatma Samoura wa ku Senegal anakhala mlembi wamkuru wa FIFA kuyambira 2016 kufikira 2023. Kuno kwathu, Miriam Moyo anakhalapo pulezidenti wa komiti ya Olympic ya Zambia. Mu 2025 Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe anasankhidwa kutsogolera komiti ya Olympic ya dziko lonse lapansi, mkazi woyamba ndiponso munthu woyamba wa mu Africa pa mpandowo. Iyeyu sanangovuuka m'dziwe losambiramo nkukhala pa mpando. Anayamba ndi kuimira osewera anzace m'komiti, ndipo mu 2018 anakhala nduna ya masewera m'dziko lace. Utsogoleri umaphunziridwa, monga mwana aphunzira kukwawa asanayende.

Apa ndipo tiyenera kucenjera. Kuika mai m'komiti popanda kumphunzitsa ndiko kumcera msampha. Akaphophonya, omwe aja anamkana adzaseka nati, "Tinanena ife." Wotsogolera timu ayenera kudziwa kulemba zokambidwa pa msonkhano, kukonzeratu ndalama zofunika pa caka, kulemba zolowa ndi zoturuka, kusunga marisiti, kulemba kalata yopempha thandizo, kudziwa malamulo a masewerawo, kupereka cithandizo coyamba kwa wobvulala, ndi kuyanjanitsa okangana. Zonsezi si matsenga. Mai amene amadyetsa banja la anthu 8 ndi kandalama kocepa ali nayo kale mbeu yace. Asowa womthirira cabe. M'dziko muno muli bungwe la NOWSPAR, limene nchito yace ndi kukweza akazi ndi atsikana m'masewera, ndipo mabungwe oyendetsa masewera amakonza maphunziro a aphunzitsi a matimu ndi oimbira. Kodi parishi yanu inatumizako mai ngakhale mmodzi?

Pali cifukwa cina coposa ndalama. Mtsikana wa zaka 14 sangauze mphunzitsi wamwamuna kuti ali kumwezi. Sangaululenso msanga ngati wina wamuuza kuti malo m'timu adzawapeza pokhapokha atabvomera zonyansa. Zoterezi zimacitika, ndipo zimakula pamene palibe mai waudindo woti mwana athawireko. Mai wongophika angamve cisoni, koma mai wa m'komiti angathe kucotsa mmbulu pakati pa nkhosa.

Ndidziwa kuti abambo ena amati mkazi wopita ku misonkhano ndi ku mabwalo asiya nyumba. Abale anga, Debora anaweruza Aisraele ali mkazi wa mwini, monga tiwerenga pa Oweruza 4. Pa Luka 8 timva za akazi amene anayenda ndi Ambuye nawatumikira ndi cuma cao. Mu 1995 Papa Yohane Paulo II analemba kalata kwa akazi onse, kuwathokoza pa nchito zao m'banja ndi m'dziko, ndi kupempha kuti zopinga zao zicotsedwe. Ndipo fanizo la matalente pa Mateyu 25 litiphunzitsa kuti wokwirira mphatso adzayankha mlandu. Nanga wokwirira mphatso ya mkazi wace adzayankha ciani?

Tsono ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, m'komiti iliyonse ya masewera pa parishi mukhale amai, ndipo pakhale wina pa udindo weniweni: wapampando, mlembi kapena msungicuma. Caciwiri, bungwe la parishi lipatule kandalama caka ciriconse kotumizira amai awiri ku maphunziro, ndipo iwo pobwera aphunzitse atsikana okulirapo, pakuti mmera mpoyamba. Cacitatu, timu ya atsikana isanyamuke ulendo popanda mai waudindo.

Kwathu tinayesa. Buku la timu tinalipereka kwa mai uja wa cilimba, ndipo mphunzitsi wina wopuma pa nchito anamuonetsa kalembedwe kace. Kucokera pamenepo galimoto imalipiridwa tisananyamuke, ndipo ana amafika kwao dzuwa lisanalowe. Mutu umodzi susenza denga. Mulungu akudalitseni kufikira tidzacezenso mwezi wamawa.