GASI WA M'MALASHA: TIYEZE KAYE TISANALONJEZE

Mpweya umene anthu a m'migodi ya malasha akhala akuuopa kwa zaka mazanamazana, lero ukuwerengedwa pakati pa chuma cha m'nthaka. Mpweyawu ndi methane, gasi wopanda maonekedwe kapena fungo, yemwe amakhala m'kati mwa malasha. Akachuluka mumgodi kufika pa magawo 5 mpaka 15 pa 100 aliwonse a mpweya, kamoto kakang'ono kokha nkokwanira kuphulitsa mgodi wonse. Pa 6 June 1972, pa mgodi wa Wankie, kumene tsopano kukutchedwa Hwange m'dziko la Zimbabwe, anthu 427 adafa pa kuphulika kwa gasi ndi fumbi la malasha, ndipo ena mwa iwo adali ana a dziko lino amene adapita ku Halale kukafuna ntchito.

Popeza dziko la Malawi lili ndi malasha, ndiponso popeza vuto la magetsi likutipsinja chaka ndi chaka, nkoyenera kufunsa ngati gasi ameneyu angatithandize. Nyuzipepala ino ikuona kuti funsoli ndi labwino, koma lifunika kuyankhidwa ndi miyeso, osati ndi malankhulidwe a pamsonkhano.

Choyamba tiyenera kumvetsa m'mene gasiyu amatulutsidwira, pakuti apa mpamene ambiri amasokonekera. Iye sakhala m'phanga pansi pa nthaka ngati madzi mumtsuko ayi. Amamatirira ku malasha enieniwo, ndipo chimene chimamugwira ndi kulemera kwa madzi odzadza m'ming'alu ya malashawo. Tingayerekeze ndi botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi: gasi saoneka kufikira munthu atatsekula chitsekerero. Motero akatswiri amaboola chitsime chakuya mamita mazana angapo, osakumba malashawo, kenaka nkuyamba kupopa madzi usana ndi usiku. Madzi akachepa, gasi amalekana ndi malasha nayamba kukwera m'paipi. Kupopako kumatenga miyezi, mwina zaka, ndipo nthawi yonseyo ndalama zikungolowa, kalibe kobwerera. Chitsime chimodzi chimatulutsa gasi wochepa, nchifukwa chake pamafunika zitsime zambiri, chilichonse ndi msewu wake, mapaipi ake ndi makina ake. Aphunzitsi a sayansi ndi jogalafe m'masekondale athu achita bwino kufotokozera ana zimenezi, chifukwa mwa anawo ndimo mudzatuluke odzasaina mapangano a mawa.

Kuti ntchitoyi njotheka, palibe wokayika. Ku America idayamba mwamphamvu m'zaka za m'ma 1980, m'chigawo cha Alabama ndi m'dera la San Juan ku New Mexico ndi Colorado, boma litachepetsa msonkho kwa makampani oyesa njira zatsopano zopezera gasi. Pofika 2008 gasi wa m'malasha adali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a gasi yense wotulutsidwa m'dzikomo, ngakhale pambuyo pake adatsika pamene kudapezeka gasi wina wotsika mtengo. Ku Queensland, m'dziko la Australia, adaboola zitsime zikwizikwi, ndipo kuyambira 2015 akhala akutumiza gasiyu kunja pa sitima zapamadzi kuchokera ku Gladstone. Koma maiko awiriwa adali kale ndi mapaipi, misika ndi ndalama zodikirira.

Phunziro lotiyenera ife lili kwa anansi athu. Ku Zimbabwe, gasi wa ku Lupane wakhala akukambidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Nduna zabwera ndi kupita, makampani alandira ziphaso, mibadwo ya ana asukulu yauzidwa kuti chuma chafika, koma zaka makumi atatu zidatha anthu akumva malonjezo okhaokha. Ku Botswana, kampani ya Tlou Energy idatha zaka zoposa khumi ikuboola ndi kuyeza pa malo otchedwa Lesedi, pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Serowe, isanasainirane pangano ndi bungwe la magetsi la dzikolo mu 2021. Panganolo lidali la mamegawati 10 okha. Sitikunena izi monyoza. Mamegawati 10 ndi chiyambi choona mtima. Tikungokumbutsa kuti Botswana ali ndi malasha ochuluka kwambiri kuposa athu, komabe ulendo wake wakhala wa kamba. Akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Nanga kwathu kuno? Kusowa kwathu nkodziwika. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pamene namondwe wa Ana adaononga Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, ndipo zidatenga nthawi yoposa chaka kuti makinawo ayambenso kuzungulira. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, pamene mabanja oposa asanu ndi anayi mwa khumi amaphikira nkhuni kapena makala. Mapiri ometedwa mpala a Ndirande ndi Soche ndiwo mboni. Gasi wathuwathu, atapezeka, angayendetse makina a magetsi pa nthawi imene Shire waphwa, m'malo mwa dizilo wogula ndi ndalama zakunja. Komanso methane ndiye amapangira feteleza wa urea, yemwe mlimi aliyense amadziwa mtengo wake.

Komabe tisadzinamize. Malasha athu a ku Mchenga ndi Kaziwiziwi m'boma la Rumphi, a ku Ngana ku Karonga, ndi a ku Lengwe ndi Mwabvi m'chigwa cha Shire, ali m'zigawo zing'onozing'ono zodukaduka chifukwa cha kusweka kwa miyala kumene kudapanga chigwa cha nyanja yathu. Malasha amene ali pafupi ndi pamwamba, kapena oonekera m'mbali mwa phiri, adataya kale gasi wawo wambiri. Malasha a phulusa lambiri, monga a kumunsi kwa Shire, amasunga gasi wochepa. Kukhala ndi malasha sikukhala ndi gasi wogulitsika. Amene anganene mwaulamuliro ndi yekhayo waboola, natulutsa malasha a pansi, nawatsekera m'chotengera, nayeza gasi wotuluka pa tani iliyonse, nayezanso ngati ming'alu yake ikulola gasi kuyenda. Ntchito imeneyi ndi ya Dipatimenti ya Zofufuza Miyala ku Zomba pamodzi ndi masukulu athu aukachenjede, ndipo mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi mtengo wa pangano losainidwa mumdima.

Pali nkhani ya madzi, imene ife tikuiona kuti ndiyo yaikulu koposa. Madzi opopedwa m'malasha kawirikawiri amakhala amchere. Akatayidwa m'munda amaononga nthaka; akatayidwa mumtsinje amavutitsa anthu, ziweto ndi nsomba. Kupopa kwa zaka zambiri kungathenso kutsitsa madzi m'mijigo ya midzi yoyandikana nayo. Ku Australia, alimi amene ali ndi minda yaikuluikulu ndi maloya awo adafika potseka zipata kukaniza makampani kulowa. Nanga mlimi wa ku Chikwawa, wa ekala imodzi ndi mjigo umodzi wa mudzi wonse, adzatseka chipata chiti? M'chigwa cha Shire mijigo yambiri imatulutsa kale madzi amchere. Tisaiwalenso kuti Lengwe ndi Mwabvi ndi malo otetezedwa a nyama zakutchire.

Gasi wothawira m'mlengalenga nayenso ngwoopsa. Pomuyatsa popanga magetsi, methane amatulutsa pafupifupi theka la mpweya woipa umene malasha amatulutsa; koma akathawa osayatsidwa, amatenthetsa dziko kuposa mpweya wa carbon dioxide ka 28 kapena kuposerapo pa zaka 100. Dziko limene lidaika maliro a namondwe wa Freddy mu 2023 silingaione mopepuka nkhaniyi.

Tsono a zamalamulo nawo ali ndi ntchito. Kodi gasiyu ngwa mwini chiphaso cha malasha, kapena ngwa mwini chiphaso cha mafuta ndi gasi? Ku America mkangano umenewu udafika ku bwalo lalikulu la dzikolo, lomwe mu 1999 lidagamula, pa mlandu wokhudza malo a mtundu wa Southern Ute, kuti gasi sali mbali ya malasha. Ife tili ndi lamulo la migodi la 2023 ndi lamulo la mafuta la 1983. Nyumba ya Malamulo inene momveka kuti gasi wa m'malasha ali pansi pa lamulo liti, ndani adzalipira mudzi mjigo ukauma, ndiponso ndani adzatseka zitsime ntchito ikatha. Ndipo kampani iliyonse yolandira chiphaso chofufuza ikakamizidwe kusiya ku Zomba zotsatira zonse za miyeso yake, pamodzi ndi miyala imene yatulutsa, kaya yapeza gasi kaya sidapeze.