Mbuzi Isagone M'nyumba

Pali chinthu chimodzi chimene ife anthu a m'boma lino la Chitipa sitifuna kuuzidwa, ndipo alendo, chifukwa cha ulemu, sachinena. Chinthucho ndi ichi: nyumba zambiri za m'midzi mwathu zimanunkha mbuzi, nkhuku ndi agalu. Mwini nyumba sadziwa zimenezi, pakuti mphuno ya munthu imazolowera msanga fungo limene ili nalo masiku onse. Koma mlendo akangoponda pakhomo amalimva, ndipo nchifukwa chake amapempha kuti mpando wake uikidwe pabwalo, ngakhale kuli mphepo ya mwezi wa June.

Ife aphunzitsi timalimva fungoli m'zovala za ana. Mwana amene wagona pafupi ndi mbuzi amadza nalo kusukulu, ndipo anzake amamuthawa pa benchi namupatsa maina achipongwe. Mwanayo alibe mlandu. Mlandu uli ndi ife akulu amene timatsekera ziweto m'chipinda chogona anthu.

Masiku ano ena atulukira nzeru yatsopano. Amapita kumasitolo a pa Boma nakagula mankhwala onunkhira opopera m'nyumba. Abale anga, kumeneko ndiko kutaya ndalama. Mankhwala otero amangophimba fungo kwa kanthawi, monga munthu wosasamba amene wadzola mafuta. Dzuwa likapendeka, mbuzi yanu imamvekanso.

Kodi fungoli limachokera kuti? Limachokera mumkodzo. Mumkodzo wa chiweto muli mchere wotchedwa yureya. Inde, ndi yureya yemweyo amene mumagula m'matumba a makilogalamu 50 kuti mubereketse chimanga. Mkodzo ukagwa pansi, dothi limaumwa. Tsono tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa mcherewo kukhala mpweya wotchedwa amoniya, umene umalasa mphuno ndi kutulutsa misozi. M'chilimwe dothi likauma fungo limachepa, ndipo mwini nyumba amayesa kuti latha. Koma mvula ikayamba mu December, chinyezi chimalidzutsanso. Chotero mayi amene amazira dothi latsopano pamwamba pa lakale amadzivuta chabe. Wakwirira fungo, ndipo lidzatuluka ndithu.

Ndipo tisayese kuti nkhaniyi ndi ya mphuno yokha. Mpweya umenewu umapweteka maso ndi pakhosi, makamaka mwa ana amene amagona pamphasa, nkhope zawo zili pafupi ndi dothi, m'nyumba yotseka mazenera usiku wonse. Fumbi la pansi pamene pamagona ziweto ndilo malo oswaniranamo utitiri, nthata ndi matekenya. Amene anaonapo zala za mwana zitadyeka ndi matekenya sadzatsutsa mawu anga.

Mankhwala ake enieni ndi khasu. Tulutsani katundu yense. Kumbani dothi la pamene panali kugona ziweto, kufikira mutapeza dothi losanunkha. Kawirikawiri kuya kwa chikhatho kumakwanira. Palaninso m'munsi mwa chipupa, pamene atonde amadzikhula. Tsekulani chitseko ndi mazenera masiku awiri kapena atatu kuti pansi paume, wazanipo phulusa, ndipo pambuyo pake thirani dothi latsopano, tsinderani ndi kuzira. Ntchito imeneyi ndi ya mu September kapena October, mvula isanadze. Dothi lakalelo musalitaye kudzala, koma kaliwazeni kumunda, pakuti lili ndi chonde. Mphasa ndi mabulangete zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku lathunthu. Mphasa imene inanyowa mkodzo kawirikawiri, itentheni.

Amene muli ndi nyumba za simenti musadzitame, pakuti simenti nayonso imamwa mkodzo. Tsukani ndi sopo, kenaka thirani vinyiga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana. Pakauma wazanipo soda, yemwe uja mumathira m'therere, ndipo musese m'mawa mwake. Koma mverani ichi: musathire Jik pamkodzo wosatsuka, ndiponso musamusakanize ndi vinyiga, pakuti pamatuluka mpweya woipa umene ungakomole munthu.

Ndidziwa chimene mudzandiyankha. Mudzati, "Aphunzitsi, inu mumalandira malipiro pakutha pa mwezi. Chuma chathu ife ndi mbuzizi. Tikaziika panja, mbala zidzaba, afisi adzadya." Mawu amenewa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Boma lathu lili pakati pa malire awiri, a Tanzania ndi a Zambia, ndipo chiweto chobedwa usiku ku Kameme sichichedwa kuwoloka. Koma yankho la mbala ndi khola lolimba, lomangidwa pafupi ndi zenera la chipinda chanu, lokhala ndi chitseko ndi loko. Alangizi a ziweto akhala akuphunzitsa za khola la m'mwamba, loimikidwa pa nsichi, la pansi pa timitengo totalikirana pang'ono kuti ndowe ndi mkodzo zizigwera pansi. Fisi salikwera msanga. Mbuzi zimagona pouma, ziboda zake siziola, ndipo manyowa amasonkhana malo amodzi. Mlimi wa khofi ku Misuku adziwa mtengo wake wa manyowa otere. Nanga bwanji tikuwasunga pansi pa mphasa ya ana athu, kwinaku tikudandaula kuti feteleza wakwera mtengo?

Ena amati kuno kumazizira, ndipo ziweto zingafe ndi chisanu. Inde, kumapiri a Misuku ndi a Mafinga kumazizira kwambiri mu June ndi July. Koma chimene chimapha mbuzi ndi mvula ndi mphepo yolowa m'khola. Folerani denga bwino, tchingani mbali ya mphepo ndi udzu, ndipo mbuzi zidzafunditsana zokha. Enanso amati, "Makolo athu ankagona nazo." Kodi makolowo sankamanga makola a ng'ombe ndi zitupa za nkhunda? Ku Nthalire ndi ku Wenya sindinamvepo za munthu wogoneka ng'ombe kuchipinda. Amene angathe kumangira ng'ombe khumi angathenso kumangira mbuzi zitatu.

Za galu ndinene pang'ono. Galu amabwerera kukakodza pamene akumva fungo la mkodzo wake, chotero kumumenya sikuthandiza, tsukani malowo. Mumangireni kanyumba kake pakati pa khonde ndi khola, mumuikire thumba lakale logonapo, ndipo muziliyanika padzuwa sabata iliyonse. Ali pamenepo adzamva mapazi a mbala isanafike pa loko, chinthu chimene sangachite atatsekeredwa m'nyumba pamodzi ndi inu. Ndipo a zaziweto akalengeza tsiku la katemera wa chiwewe, mupite nayeni pa chingwe, chaka ndi chaka.