Chipale chachepa, koma m'nyumba mukuzizira

Kuyambira pa 1 Disembala, ife a gulu la zaumoyo pampingo wathu kuno ku Leeds takhala tikusunga kope. M'mawa uliwonse timalembamo zinthu zitatu: madigiri a panja, madigiri a m'chipinda chochezera, ndiponso ngati kwagwa chipale chofewa, chimene kuno timangoti sinowo. Tidayamba pofuna kuti ana a Pathfinder aphunzire kuyang'ana nyengo. Mapeto ake taphunzira ndife akulu.

Mzere wa sinowo uli pafupifupi wopanda kanthu. Idagwa masiku owerengeka, n'kusungunuka msanga, ndipo ana amene adagula magolovesi akungowasunga. Bungwe loona zanyengo la Met Office lanena kuti ku England, Febuluwale wa 2024 ndiye wofunda kuposa onse chiyambire kusunga kaundula. Amene tidaona chisanu cha kumapeto kwa Febuluwale 2018, sukulu zitatsekedwa ndipo mabasi ataima, tidangoti chaka chino tapuma.

Mzere wa m'nyumba ndiwo watidzidzimutsa. Sabata lina masana tidakaona amayi ena achikulire amene adajomba kutchalitchi chifukwa cha chifuwa. Tidawapeza atavala jekete, atafundanso zitenje ziwiri, hita ili yozimitsa. Kachipangizo kathu koyezera kutentha kadaonetsa madigiri 13. Titafunsa, iwo adati, "Ana anga, sinowo kulibe chaka chino. Ndalama ya gasi ndiiwotcherenji?"

Maganizo amenewa tili nawo ambiri. Timayeza kuzizira ndi maso: kunja kukapanda kuyera, timati kuli bwino. Koma thupi silidikira sinowo. Azaumoyo kuno amalangiza kuti zipinda zimene timakhalamo nthawi yaitali zisatsike pansi pa madigiri 18, makamaka kwa azaka 65 kupita m'tsogolo ndi amene ali ndi matenda a mtima kapena a m'mapapo. Munthu akazizidwa, mitsempha imafinyika, BP imakwera, magazi sachedwa kuundana, ndipo chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima chimakula. Usiku wa madigiri 5 panja ndi wokwanira kuziziritsa nyumba yakale ya njerwa.

Nyengo yofunda chonchi imabweranso ndi mvula yambiri. Zovala timayanika m'nyumba, mawindo ali chitsekere, nthunzi ya m'khitchini n'kumakhala pamakoma. Posakhalitsa kuseri kwa wadiropu kumamera chuku chakuda, chimene chimadzutsa mphumu mwa ana. Ndipo thandizo la boma la Cold Weather Payment, mapaundi 25, limaperekedwa kwa oyenera pokhapokha kuzizira kukafika pa avereji ya madigiri 0 kapena kutsika kwa masiku 7 otsatizana. Kukafunda pang'ono, ndalamayo sibwera, koma bilu ndiye imabwerabe.

Tichite chiyani tsono? Tigule kachipangizo koyezera kutentha, n'kotchipa, tikaike m'chipinda chimene timakhalamo kwambiri, kutali ndi hita. Ngati ndalama zavuta, tifunditse chipinda chimodzi bwinobwino m'malo moziziritsa nyumba yonse. Tivale zovala zopyapyala zingapo, tidye chakudya chotentha monga phala ndi nyemba, ndipo tisakhale pampando kupitirira ola osadzuka. Titsegule windo kwa mphindi zochepa tikatha kuphika kapena kusamba. Makala kapena mbaula tisayatse m'nyumba; mpweya wake umapha mwakachetechete. Khanda lokha tisalifunditse mopitirira: chipinda chake chikhale pakati pa madigiri 16 ndi 20.

Dzuwa nalo ndi losowa, kufunde kusafunde. Mu Disembala Sabata limalowa 4 koloko isanakwane. A NHS amalangiza mamaikirogiramu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi imeneyi, ndipo kwa ife a khungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse.

Amayi aja tsopano ali ndi kachipangizo kawo pakhoma. Amayi a Dorika adawapezera bulangete lochindikala, ndipo mwana wina wa Pathfinder amawaimbira foni Lachisanu lililonse kufunsa madigiri kuti alembe m'kope. Lachisanu lathali adayankha kuti 18, n'kuwonjezera kuti Sabata lino tiwasungire malo awo a kutsogolo.

Mumpingo mwanu muli wina amene simunamuone Sabata lathali. Mukapita kukamuona, musangofunsa za moyo. Muvule jekete, mukhale pansi, mumve m'mene chipindacho chilili.