ZA APAULENDO: KATUNDU WA M'PHIRI ACEPE

Anyamata a ku Kafue amene azolowera zitunda za Munali, pomwe David Livingstone anapenyera mtsinje wa Kafue mu 1855, asayese kuti phiri la Mulanje ku Malawi liri cimodzimodzi. Nsonga yake, Sapitwa, ifika mamita 3,002, ndipo kuyendera phirilo kutenga masiku angapo. Cimene cibweza munthu panjira si mtunda wokha ai, koma thumba lolemera.

Zobvala za thonje, zonga nsaru zija inali kuomba fakitale ya Kafue Textiles, nzabwino m'cigwa motentha. Koma kumwamba kukagwa nkhungu ya ciperoni, thonje limwa madzi, lilemera, ndipo licedwa kuuma. Wobvala zonyowa pamphepo ya mu June akhoza kufa nako kuzizira. Juzi yaubweya ndi jekete yopyapyala ya nailoni, zopezeka pa salaula, ziposa cijasi cacikuru. Nsapato zikhale zozolowera phazi. Zatsopano zitulutsa matuza tsiku loyamba lomwe.

Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu, tsono kusenza cigubu nkudzizunza, pakuti mitsinje iriko. Ufa, kapenta, nshawa zokazinga ndi kapoto kamodzi zikwanira. Zakudya za m'zitini, zimene ena atengera kudzionetsa, zitsale kunyumba. Macesi akulungidwe m'pulasitiki.