Intaneti ya pakhomo: yambani mwawerenga anthu musanatulutse ndalama

Masiku ano munthu ukamayenda mu Limbe, ku Old Town ku Lilongwe kaya m'tauni ya Mzuzu, sufika patali usanaone chikwangwani kapena mnyamata wokhala pansi pa ambulera akutsatsa intaneti ya pakhomo. Aliyense akuti yakeyo ndiye yothamanga zedi. Wina akuti 10 Mbps, wina 20, wina mpaka 100, ndipo mtengo nawo ukukwera motsatira nambalayo. Chodandaulitsa n'chakuti kawirikawiri wogula safunsidwa funso limene likadayenera kukhala loyamba: kodi pakhomo panu mulipo angati, ndipo mumachita chiyani pa intaneti nthawi imodzi?

Tikunena izi chifukwa ndalama ya intaneti ili ngati lendi, imafunika mwezi ndi mwezi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe wa geni kapena kholo la mwana wa sukulu amene ali ndi ndalama yotaya. Koma taonani zimene zikuchitika. Wina akugula liwiro lalikulu chifukwa choti mnzake wa pa shopu yoyandikana naye ali nalo, pamene iye ntchito yake ndi WhatsApp basi. Winanso akuthamangira yotchipa, kenaka mwana wake wa ku koleji n'kumadukidwa pakati pa phunziro chifukwa azing'ono ake atsegula makatuni pabalaza. Onse awiriwa aluza, ndipo akadatha kupewa atangokhala pansi ndi pensulo mphindi khumi.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Liwiro, limene amaliyeza ndi Mbps, lili ngati kukula kwa paipi ya madzi. Bandulo, imene amaiyeza ndi GB, ili ngati mgolo umene madziwo akuchokera. Paipi yaikulu sichulukitsa madzi a mumgolo, imangowatulutsa msanga. Palinso kamsampha ka zilembo. Mb ya "b" wamng'ono ndi yosiyana ndi MB ya "B" wamkulu, ndipo zimatengera ma Mb 8 kuti akwane MB imodzi. Tsono amene walipira 8 Mbps asadabwe akaona foni ikusonyeza kuti ikukoka MB imodzi yokha pa sekondi. Sanaberedwe ayi, masamu ake ndi omwewo.

Nanga ntchito iliyonse imafuna liwiro lotani? Apa sitikufunika kulota, eni ake a zinthuzi analemba okha. A YouTube amati kanema wa 480p, amene amaoneka bwinobwino pa foni, amafuna 1.1 Mbps, wa 720p amafuna 2.5, wa 1080p amafuna 5, pamene wa 4K amafuna 20. A Netflix nawo amati 5 Mbps ya 1080p ndi 15 ya 4K. Phunziro la pa Zoom la anthu ambiri silifika pa 4 Mbps ngakhale chithunzi chikhale chowala chotani. Kuimba foni ya mawu okha pa WhatsApp sikudya ndi 1 Mbps yomwe. Ndipo kwa amalonda amene amalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba podina manambala a nyenyezi aja, zimenezo sizifuna intaneti n'komwe.

Chinsinsi chagona pa mawu akuti "nthawi imodzi". Simuwerenga mafoni onse a m'nyumba, kuphatikizapo ija ili m'dirowa yosweka galasi. Mumawerenga zimene zimakhala zikuchitika pamodzi pa ola lotanganidwa kwambiri, limene m'makomo ambiri ndi pakati pa 7 koloko ndi 9 koloko madzulo, nsima itadyedwa.

Tiyeni titenge banja longoyerekeza la ku Ndirande kapena ku Area 25. Mayi amaoda nsalu ndi nsapato, ndipo madzulo amaimba foni ya kanema kwa wowagulitsa ku Dar es Salaam kuti aone katundu ndi maso. Apo tiike 2 Mbps. Mwana wamkulu ali pa phunziro la pa Zoom, tiike 4. Bambo akuonera mpira pa wailesi ya kanema pa 1080p, ndiye 5 imeneyo. Achinyamata awiri ali pa Facebook ndi TikTok, aliyense 2, pamodzi 4. Tikaphatikiza zonse tikupeza 15 Mbps. Ndi nzeru kuonjezerapo pang'ono, chifukwa Wi-Fi imataya mphamvu podutsa m'makoma komanso mafoni amakoka zinthu zawo mwakachetechete mwini wake osadziwa. Choncho banja limeneli 20 Mbps ilikwanira. Zindikirani kuti awa ndi anthu asanu, onse ali pa intaneti nthawi imodzi, ndipo sitinayandikire n'komwe ku 100.

Wa geni amene amakhala yekha kapena ndi mkazi wake, ntchito yake ili yotumiza zithunzi za katundu ndi kuyankha makasitomala, 5 Mbps ndi yambiri kale. Ophunzira anayi amene asonkherana nyumba ku Chikanda ku Zomba, aliyense ndi laputopu yake, awerenge ngati banja lija, mwina kuposerapo pa nyengo ya mayeso. Amene akufunadi 50 kapena 100 alipo, monga ojambula makanema a maukwati amene amatumiza mafayilo akuluakulu, kapena malo ogona alendo. Koma amenewo amadzidziwa okha.

Pali nambala ina imene otsatsa sakonda kuilemba ndi zilembo zazikulu, ndiyo liwiro lotumizira. Nambala ya pa chikwangwani ija kawirikawiri imanena za kukoka zinthu kuchokera kunja kubwera kwa inu. Koma mayi uja akamaonetsa nkhope yake ndi sampulo ya nsalu pa kanema, kapena wophunzira akamatumiza ntchito yake kwa mphunzitsi ola lotsekera litayandikira, zinthu zikuchoka kwa iwo kupita kunja, ndipo njira imeneyo nthawi zambiri imakhala yopapatiza. Pakhomo pamene anthu awiri amaimba foni za kanema nthawi imodzi pakufunika liwiro lotumizira la pafupifupi 5 Mbps. Kwa amalonda ndi ophunzira, nambala imeneyi ikhoza kukhala yofunika kuposa inzake ija. Ifunseni, ndipo wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti pali nkhani.

Tsopano tibwerere ku mgolo uja, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri akulirira. Tamva kangati munthu akudandaula kuti "bandulo yanga yangosowa, andibera"? Sitikukana kuti madandaulo ena amafunika kufufuzidwa. Koma taonani masamu awa. Kanema wa 5 Mbps amadya ma GB awiri ndi kota pa ola limodzi. Mpira umodzi wa maola awiri ndi ma GB anayi ndi theka. Kuonera maola awiri tsiku lililonse kwa masiku 30 ndi ma GB 135. Maola omwewo pa 480p sapitirira kwenikweni ma GB 30. Ndipo YouTube ikaona kuti paipi yanu ndi yaikulu, imadzisankhira yokha chithunzi chowala kwambiri osakufunsani. Ndiye kuti munthu amene wakweza liwiro koma bandulo yake ndi yomweyo, wagula njira yomalizira ndalama zake msanga. Mankhwala ake ndi aulere: lowani m'makonzedwe a kanemayo ndi kutsitsa chithunzi pa 480p mukamaonera pa foni. Maso anu sadzaona kusiyana kwenikweni, koma thumba lidzaona.

Ena adzatiuza kuti ku America bungwe la FCC linalamula mu 2024 kuti intaneti yoyenera dzina la yothamanga iyambire pa 100 Mbps yokoka ndi 20 yotumiza, kuchoka pa 25 ndi 3 zimene linaika mu 2015. N'zoona. Koma muyeso umenewo ndi woyezera ngati makampani a kumeneko akumanga netiweki yabwino, si lamulo lakuti banja lililonse lilipire liwiro limenelo. Achikulire amene anagwiritsapo intaneti ya pa lamya ya waya cha m'ma 1998 akukumbukira 56 kbps, ndi kulira kwa kamakina kaja ngati chule. 20 Mbps ya banja la ku Ndirande lija ikuposa pamenepo maulendo oposa 350.

Komabe masamu onsewa ndi achabe ngati chimene mwalipira sichikufika pakhomo. Mawu akuti "mpaka 20 Mbps" ali ngati a kondakitala wa minibasi akamati "tikunyamuka pompano". Intaneti yodzera pa nsanja za mafoni imagawidwa pakati pa anthu onse a m'deralo, choncho imene imauluka 5 koloko m'mawa ikhoza kumakwawa 8 koloko usiku. Safunsa anadya phula. Musanagule rauta, pitani kwa oyandikana nawo amene ali nayo kale, muwapemphe ayeze liwiro pa fast.com kapena Speedtest nthawi ya madzulo, inu mukuona. Lipirani mwezi umodzi kaye. Funsaninso za bandulo zotchedwa zopanda malire, chifukwa zambiri zimatsitsidwa liwiro mukafika pa ma GB ena ake, ndipo zimenezo zimalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono.

Mukaigula, rautayo musaibise m'kabati kapena kuseri kwa wailesi ya kanema poopa ana. Iikeni pamwamba, pakati pa nyumba. Makoma a njerwa zootcha amadya Wi-Fi kwambiri, ndipo alipo anthu amene akulipira liwiro loonjezera pamene vuto lawo ndi khoma. Zina ndiye ngakhale mulipire zingati sizingatheke. Magetsi akazima rauta nayo imazima, pokhapokha muli ndi batire. Ndipo dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, intaneti yathu yambiri imadzera m'maiko oyandikana nafe. Zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zitaduka mu May 2024, wa 10 ndi wa 50 Mbps amene makampani awo amadalira zingwezo anavutika chimodzimodzi.

Kwa makampani, kuyambira Airtel ndi TNM mpaka Starlink imene inalowa m'dziko muno mu 2023, pempho lathu ndi losavuta. Lembani manambala atatu pa malonda anu ndi zilembo zofanana kukula: liwiro lokokera limene munthu angayembekezere madzulo, liwiro lotumizira, ndi ma GB amene akakwana mumatsitsa liwirolo. Wogulitsa ufa pa msika amayeza pa sikelo wogula akuona, nanga intaneti ilekerenji? Bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira ntchito zimenezi, pamodzi ndi bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC, ali ndi udindo woteteza ogula. Tikuwapempha kuti manambala atatuwa akhale lamulo pa chikwangwani chilichonse, ndiponso kuti MACRA iziyeza liwiro dera ndi dera nthawi ya madzulo ndi kusindikiza zotsatira zake m'Chichewa, kuti mayi wa ku Ndirande azitha kuziwerenga asanapite kukalipira.