Fodya wako ndi uyo ali pamphuno

Makolo akale sadali kuseweretsa dzina. Mwana ankatchedwa dzina atatuluka m'chikuta, ndipo wolowa ufumu ankalowanso dzina pamaso pa anthu, kuti mawa wina asadzati ndi lake. Ngakhale mbuzi ankaidula khutu kuti mwini wake adziwike ikasokera.

Nzeru yomweyo ikufunika lero kwa mayi wogulitsa chiponde m'mabotolo ndiponso mnyamata wofulula uchi. Dzina lomatidwa pabotolo ndilo limaitana ogula, pakuti lasenza mbiri ya thukuta la zaka zambiri. Komatu dzina losalembetsa lili ngati fodya wa pachala, amene mwambi umati ngwa mphepo.

Amalonda ambiri amakhulupirira kuti akalembetsa bizinesi ndiye kuti zonse zatha. Ayi ndithu. Chiphaso cha bizinesi chimangouza boma amene akuchita malondawo. Dzina kapena chithunzi cha pakatundu chimalembetsedwa pachokha ngati chizindikiro cha malonda. Ku Malawi izi zimatsata lamulo la 2018, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1957. Wolembetsa amatchula gulu la katundu wake mwa magulu 45 amene maiko amatsata. Kenaka akuluakulu amafufuza ngati palibe dzina lofanana nalo, ndipo amalengeza pempholo kuti wotsutsa ayankhule. Chitetezocho chimakhala zaka 10, ndipo chimawonjezeredwa. Wofuna kugulitsanso kunja angadzere ku bungwe la ARIPO ku Harare, lomwe limalandira pempho limodzi lofikira maiko angapo a mu Africa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Alimi a tiyi wa rooibos ku South Africa adadzidzimuka atamva kuti dzina la mbewu yawo lidalembetsedwa ku America mu 1994. Kampani imene idadzakhala mwini wa dzinalo idayamba kuletsa ena kuligwiritsa ntchito, ndipo lidamasulidwa mu 2005 pambuyo pa milandu yodya ndalama zambiri. Ngati alimi a dziko lamphamvu chotero adavutika, nanga wamalonda wa pa Jenda kapena pa Lizulu angapirire bwanji?

Nkhani ya rooibos ikuphunzitsanso kuti mawu a anthu onse sakhala a munthu mmodzi. Wogulitsa nsomba sangatsekere anzake mawu akuti chambo. Dzina loyenera kulembetsa ndi lodzipekera, losiyana ndi la wina aliyense.

Ena amati ndalama zolembetsera ndi zambiri kwa wamalonda wamng'ono, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Koma wosalembetsa akaberedwa dzina amayenera kusonkhanitsa mboni kukhoti zotsimikiza kuti mbiriyo ndi yake, pamene wolembetsa amangotulutsa chiphaso. Madzi akatayika saoleka. Choncho mdzukulu amene wayamba malonda alembetse dzina lake lisanatchuke, chifukwa mbala imathyola mtengo umene wabala zipatso.